Ndiike chiwongolero pa boti lamatabwa la Enduro 40, kapena ndikhale pa handulo pomwepo?

Wa_ku_Chembe:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndalama zanga zisanalowe m'madzi.

Ndili ndi boti lamatabwa la mamita 7, la denga la tenti, lomwe ndimanyamulira alendo kuchoka pa Chembe kupita ku Thumbi ndi ku Otter Point, mwa apo ndi apo mpaka ku Domwe ndi ku Mumbo. Injini ndi Yamaha Enduro 40, ija yolizira chingwe, yowongolera ndi handulo. Injiniyo ilibe mlandu, imadzuka bwinobwino. Chovuta n'choti ine ndimakhala kumbuyo kwenikweni, ndiye alendo akadzaza m'mabenchi, ena ataimirira kujambula nkhwazi, kutsogolo sindionako. Ndikawonjezera moto mphuno ya boti nayo imadzuka. Amene mumadziwa ku Thumbi mukudziwa mmene kumakhalira pafupi ndi miyala: anthu akusambira ndi magalasi kuonera mbuna, mitu yokha ili pamwamba, apa bwato la ana owedza, apo boti la anzathu. Ndimadalira mnyamata wanga amene amakhala kumphuno n'kumaloza ndi dzanja. Nyengo ya mwera ndiye musanene, pochokera ku Mumbo ndimafika phewa lamanzere likuphwanya.

Ndiye ndaganiza zoika chiwongolero chakutsogoloko pang'ono, kuti ndiziyendetsa chiimire. Pali njira ziwiri zomwe zandipeza.

Bambo wina ku Mangochi akugulitsa seti yakale yomwe anachotsa pa boti la faiba: chiwongolero, kabokosi ka magiya, ndi kebulo yake. Ndinakaiona. Kebuloyo ndi yolimba poikankha, ndipo pulasitiki yakuda yakunja inang'aluka chakumapeto. Iwo akuti n'zongothira oilo basi, ndipo ikatalika tidula.

Wina ndi wowotcherera wa kuno. Akuti andipangira ndi chiwongolero cha galimoto yakale, paipi yokulungapo chingwe, ndi timawilo toyendamo chingwe mpaka ku injini. Mtengo wake sukufika ngakhale theka la wa ku Mangochi.

Iti mwa ziwirizi ingandisunge? Kapena ndisonkhe ndalama ndigule yatsopano, ndipo ngati ndi choncho, yotani? Ndisaname, maina ndimangowamva, rotary, rack, koma kusiyana kwake sindikudziwa.

Madala_a_ku_Msaka:

Mwanawe, ine injini za kumbuyozi ndinayamba kugwira nthawi ya Kamuzu, ndipo ndikuti khala pa handulo pomwepo.

Handulo ukaikankha kamodzi injini yatembenuka yonse. Chiwongolero uyenera kupukusa katatu kapena kanayi kuti injini ichoke mbali ina kufika mbali inzake. Pamiyala ya ku Thumbi pomwe ukunenapo, mutu wa munthu ukatulukira patsogolo pako, ukufuna chiti?

China, injini yakoyo ndi yolizira chingwe. Ikazima pakati pa mwera iwe uli pakati pa boti, udumpha miyendo ya alendo kuti ukaikoke, boti lili chopingasa ku mafunde. Nanga pofika pa Chembe? Mumakocheza pamchenga. Injini imafuna kuidzutsa ndi manja pulopela isanakhudze pansi. Adzutsa ndani iwe uli kutsogolo? Ukonde ukakulunga pulopela ndi chimodzimodzi.

Kweza benchi yakoyo, talikitsa handulo ndi paipi kuti uziyendetsa chiimire, alendo olemera uziwakhazika kutsogolo kuti mphuno itsike, ndipo uziwauza akhale pansi. Boti ndi lako. Ndalamayo ugulire majekete opulumutsira.

Makaniko_Monkey_Bay:

Madala anena zoona pa nkhani yokocheza ndi yoliza injini, ndipo achimwene musazitaye zimenezo, ndibwererako. Pa paipi yotalikitsa handulo pokha ndikayika pang'ono. Pa injini ya mahosipawa 15 zimatheka, koma pa 40 munthu ali chiimire, dzanja lili kutali ndi giya ndi batani lozimitsira, funde limodzi likamugwedeza amakoka handulo osafuna. Komabe ngati mtima wanu uli pa chiwongolero, nazi zomwe ndikudziwa.

Ndiyambe ndi ya chingwe ndi timawilo. Musavomere. Si kuti wowotcherera wanuyo sadziwa ntchito. Maboti akale ankakhaladi ndi zotere, ndi waya wachitsulo ndi masipuling'i omukoka kuti asalendewere, ndipo pa tiinjini tating'ono zinkayenda. Koma chingwe chimatamuka, chimakwerana pa paipi, ndipo timawilo tomangidwa m'thabwa lonyowa timazuka. Choopsa ndi zomwe zimachitika chikaduka. Injini siikhala pomwe inali. Mphamvu ya pulopela imaiponyera mbali imodzi nthawi yomweyo, boti limakhota mwadzidzidzi, ndipo amene anaimirira ndi kamera uja mukamutola m'madzi, pulopela ikadazungulira. Pa boti lonyamula anthu olipira, ayi.

Tsopano ya ku Mangochi. Kuti mumvetse chifukwa chake oilo sathandiza, muyenera kudziwa mkati mwa kebulo. Muli mtima wa mawaya achitsulo opotedwa pamodzi, ndipo chakumapeto kolowa mu kabokosi pamwamba pake anakulungapo waya wina mozungulira ngati mazinga a bawuti. Mtimawo umayenda m'kati mwa chikopa chomwe chili ndi pulasitiki yoterera mkati, mawaya olimbitsa pakati, ndi pulasitiki yakuda kunja. Kebulo imodzi yomweyo imakankha ndi kukoka. Kumapeto kwake ku injini kuli ndodo yachitsulo yomwe imatuluka ndi kulowa pafupifupi masentimita 23. Pulasitiki yakunja ikang'aluka madzi amalowa, mawaya a m'chikopa amachita dzimbiri, amatupa, n'kufinya mtima uja. Ndiko kulimba komwe munakumva. Oilo afewetsa masiku ochepa, koma dzimbiri likupitiriza kudya, ndipo tsiku lina idzagwira kapena kuduka muli pamadzi. Kebulo imeneyi siikonzedwa, ndipo siidulidwa. Mapeto ake onse awiri anafinyidwa ndi makina ku fakitale. Amene akukuuzani kuti "tidula" sanaikepo.

Kabokosi ka magiya, kamene timati helm, kakhoza kukhala kabwino. Chotsani kebulo, mupukuse shafiti ndi dzanja. Izungulire mosalala, isamagwedere m'mbali, ndipo mukasuzumira mano a giya asakhale odyeka. Ngati kali bwino agulitseni kokha ndi chiwongolero, pamtengo wa kokha. Koma onani dzina ndi nambala yake kaye, chifukwa kebulo yatsopano iyenera kukhala yolowa m'kabokosi kameneko. Kabokosi kopanda dzina musiyeni nako.

Kusiyana kwa rotary ndi rack si kwakukulu ngati mmene maina akuopsezera. Mu rotary muli giya yozungulira yomwe mano ake amagwira mazinga a mtima wa kebulo n'kuukulunga mozungulira. Mbali yotsala ya mtimawo imatulukira m'kapaipi kapulasitiki kuseri. Kabokosi kake n'kozungulira, sikadya malo. Mu rack muli chitsulo chachitali chowongoka cha mano, chomwe kagiya ka shafiti kamachiyendetsa uku ndi uku. Rack imamveka yofewa ndi yolunjika m'manja chifukwa kebulo siipindidwa m'kabokosi, koma imafuna malo aatali mopingasa kuseri kwa chiwongolero. Pa kathebulo kamene mupalitse kwa kalipentala m'boti lamatabwa, rotary ya kebulo imodzi ndi yokwanira. Za mafuta zija, hydraulic, ndi za injini zazikulu makamaka; pa 40 n'kungotaya ndalama.

Musanagule kalikonse pitani ku injini mukaone pomwe imapindikira mukamaidzutsa. Pali chitsulo chopingasa chomwe chimagwira injini ku bulaketi yake. Ngati ndi paipi yobowoka mkati, ya mazinga kumapeto, imeneyo ndiyo tilt tube, ndipo ndodo ya kebulo imadutsa m'menemo, nati yake n'kumangidwa pa mazingawo. Kenako kandodo kopindika, link arm, kamalumikiza nsonga ya kebulo ndi kutsogolo kwa injini. Iyi ndiyo njira yabwino, chifukwa kebulo imayenda limodzi ndi injini mukamaidzutsa. Injini zing'onozing'ono zambiri zilibe paipi yotere. Zikatero pamafunika bulaketi yomangira kebulo pa thabwa lakumbuyo, ndipo pa boti lamatabwa apa ndi pomwe anthu amalakwitsa. Mphamvu yonse yokhotetsa injini imathera pa bulaketi imeneyo. Masikuluwu a matabwa sagwira. Pamafunika mabawuti osachita dzimbiri obowoleza thabwa lonse, ndi chitsulo chophwatalala kuseri. Bayani thabwalo ndi sikuludilaiva kaye. Ikalowa mosavuta, yambani mwasintha thabwa.

Ndibwerere kwa madala. Chiwongolero ndi theka chabe la ndalama zomwe mutulutse. Mukachoka pa handulo mwasiya moto, giya ndi chozimitsira kumbuyo. Mufunika bokosi la moto ndi giya, la Yamaha lodziwika ndi 703, makebulo ena awiri ang'onoang'ono, ndi tizitsulo tolumikizira pa injini, chifukwa Enduro ya handulo siibwera nato. Tengani nambala yonse ya injini pa kachitsulo kali pa bulaketi mukafunse ogulitsa zipangizo ngati tilipo. Ndipo swichi ya kachingwe kofiira kozimitsa injini iyenera kukhala pomwe inu mwaima, kachingweko kali padzanja kapena pamwendo panu. Ndaonapo maboti oika chiwongolero chokha, mwini akupukusa kutsogolo, mnyamata ali pa moto kumbuyo, akukuwirana. Anthu awiri kuyendetsa boti limodzi pamiyala, ine sindikwera.

Mtchona_wa_ku_Durban:

Moni kumudziko. Ndimagwira ntchito pamalo okonzera maboti kuno, ndipo makebulo amenewa timasintha kawirikawiri. A makaniko anena zambiri, ine ndiwonjezere za kuyeza, chifukwa mukaitanitsa yolakwika kuchokera kutali kubweza kwake n'kovuta.

Makebulo amagulitsidwa m'mafiti, ndipo fiti imodzi ndi masentimita 30 ndi theka. Tengani payipi ya madzi kapena chingwe chokhuthala muchiyale momwe kebulo idzadutse. Yezani zigawo zitatu: kuchoka pakati pa chiwongolero kufika m'mbali mwa boti, kutsata m'mbalimo kufika kumbuyo, ndi kuchoka pakona yakumbuyo kufika pakati pa injini. Phatikizani. Ngati kebulo idutse mu tilt tube wonjezerani masentimita 15; ngati ndi ya bulaketi ya pa thabwa chotsani masentimita 15. Kenako sandutsani mafiti n'kukweza kufika pa fiti yathunthu yotsatira. Amene mukungosintha kebulo yakale, utali wake nthawi zambiri umalembedwa pa pulasitiki chakumapeto kwa ku helm. Ngati zinafufutika, yezani gawo lakuda lokha, muwonjezere mainchesi 18 pa rotary kapena 30 pa rack, n'kukwezanso.

Yaifupi siifika, aliyense akudziwa. Koma yaitali nayo ndi vuto, chifukwa anthu amaikulunga kuti ikwane, ndipo kona iliyonse imawonjezera kulimba ndi kulendewera kwa chiwongolero. Opanga amati kona isathine kuposa masentimita 20 kuchokera pakati pa kupindikako. Mwachidule, kona iliyonse ikhale yoti chinthu chozungulira cha masentimita 40 mulifupi chikhalamo momasuka, ndipo makona achepe. Kebulo imadutsa mbali ya kumanja n'kulowa mu tilt tube kuchokera kumanja. M'boti lanu lamatabwa muikweze pansi pa mkombero, isagone m'madzi apansi pomwe mumakapa, ndipo alendo asamaiponde.

Maina omwe mungakumane nawo ndi awiri makamaka. Teleflex ya ku America, yomwe inasintha dzina kukhala SeaStar ndipo kampani ya Dometic inaigula mu 2017. Rotary yawo yofala ndi Safe-T, yopukusa katatu kuchoka mbali ina kufika inzake. Ina ndi Ultraflex ya ku Italy. Iwo ali ndi T67 yoyendera kebulo ya M58, ya injini zosapitirira mahosipawa 55, ndi zina zokulirapo monga T85 zoyendera M66. Pa pepala T67 ikukwana pa 40 yanu. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga yokulirapo, chifukwa boti lamatabwa lodzaza anthu, loyenda tsiku ndi tsiku, si kaboti kopepuka kosewerera Loweruka. Ziliponso zopanda dzina zotchipa kwambiri. Zina zimayenda, koma kebulo yake ikatha simudziwa yolowamo.

Chiwongolero cha galimoto musaikepo ngakhale pa helm yabwino. Shafiti ya za maboti ndi yosongoka, ya kota zitatu za inchi, ndipo chiwongolero chake chisapitirire mulifupi womwe opanga helm analemba, pafupifupi masentimita 40. Chachikulu chimakupatsani mphamvu yothyola mano a giya osamva n'komwe.

Za dzimbiri muli ndi mwayi, Nyanja ya Malawi ilibe mchere ngati kuno. Mdani wanu ndi mchenga. Umamatira pa girisi wa ndodo, umalowa mu tilt tube, girisi n'kuuma. Kawiri pachaka masulani nati, solorani ndodo, tsukani m'paipimo ndi kansalu pa waya, pakani girisi wosasungunuka m'madzi, bwezerani. Tinsonga topopera girisi tomwe tili pa bulaketi timafewetsa pomwe injini imapindikira, sitifikitsa girisi m'kati momwe ndodo imayenda, ndiye musadzinamize kuti mwapaka.

Wa_ku_Chembe:

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Madala, sindinakunyozeni, mawu anu ndi amene andisinthitsa malo oika chiwongolero. Ndimafuna pakati penipeni, koma tsopano ndaganiza chakumbuyo, mbali ya kumanja, pa benchi yachiwiri kuchokera ku injini. Ndayesa kuima pamenepo pa kabokosi ndipo ndikuona bwinobwino pamwamba pa mitu, bola tenti ndiikweze pang'ono. Ku injini ndi masitepe awiri, palibe mlendo pakati. Mnyamata asamuka kumphuno, azikhala pa injini pokocheza kuti aziidzutsa.

Paipi ya tilt tube ija ndaipeza, ndi yobowoka ndipo mazinga alipo. M'kati mwake mavu anamatamo dothi, ndachotsa ndi waya. Ndayeza monga mwanenera achimwene a ku Durban: masentimita 60, 210 ndi 90. Pamodzi 360, kuwonjezera 15 ndi 375, zomwe zikupitirira pang'ono mafiti 12. Ndiye ndiitanitse ya 13, eti? Bambo wa ku Mangochi wakana kugulitsa kabokosi kokha, akuti zonse kapena ayi, ndiye ndamusiya. Wowotcherera sanakondwe, koma ndamupatsa ntchito ya zitsulo za tenti.

Funso lina. Boti langali ndikangofewetsa dzanja pa handulo limakhotera kumanja, makamaka ndikatsegula moto wonse. Ndicho chimandipweteka phewa. Chiwongolero chithetsa zimenezi, kapena ndizilimbana nachonso? Wogulitsa wina pa foni wanditchulira NFB, akuti ndiyo mankhwala ake, koma mtengo ndi wokwera.

Makaniko_Monkey_Bay:

13 ndi yolondola, ngati poyeza munasiya makona otakasuka.

Kukhotera kumanjako ndi pulopela. Imazungulira cha kumanja, ndipo pokankha madzi imapotozanso injini. Chiwongolero wamba sichichotsa mphamvu imeneyo, chimangoichepetsa m'manja chifukwa cha magiya. Mukachisiya chidzazungulira chokha. NFB ili ndi kakilatchi m'kati mwa helm komwe kamagwira shafiti mukasiya kupukusa, ndiye injini siingathe kubweza chiwongolero. Imagwira ntchito ndithu. Koma dziwani kuti siichotsa kukokako, imangokubisirani, kebulo ndi link arm zikusenzabe katundu yemweyo. Ndiye yambani mwakonza kukokako, lero lomwe, mukadali pa handulo.

Pamwamba pa pulopela, pansi pa chitsulo chophwatalala cha pa mwendo wa injini, pali kachipsepse kakang'ono komangidwa ndi bawuti imodzi. Ndiyo trim tab. Masulani bawuti, musunthe mbali yake yakumbuyo kupita kumanja pang'ono, popeza boti likukokera kumanja, mumange, mukayese pa liwiro lomwe mumayendera masiku onse ndi katundu wa masiku onse. Pang'onopang'ono, osati kamodzi. Ambiri amakasunthira kumanzere poganiza kuti n'chiwongolero cha boti, n'kuwonjezera vuto. Iko kamawongola injini, osati boti. Ngati kanadyeka kapena kanathyoka gulani kena, ndipo musakapake penti, chifukwa ndi komwe kamadyeka m'malo mwa injini. Onaninso kapini kosankhira kupendekeka kwa injini. Mwendo wa injini ukalowa kwambiri pansi pa boti kukokera kumanja kumakula, ukatuluka kwambiri kumatembenukira kumanzere ndipo mphuno imadzuka. Inu mwadandaula zonse ziwiri, mphuno ndi kukoka, ndiye yesani mabowo osiyana mupeze pakati. Mukatero pa 40 simufunika NFB. Ndalamayo ipite ku bokosi la moto ndi giya.

Tsiku loika, zinthu zitatu musaiwale. Pa injini ya handulo pali bawuti yolimbitsa kukhota kwake. Imasuleni, apo ayi muziti kebulo yatsopano ndi yolimba. Manati a link arm akhale aja okhala ndi pulasitiki m'kati, osachita dzimbiri, atsopano. Nati wamba imamasuka ndi kunjenjemera kwa injini, ndipo ikagwa zotsatira zake n'zofanana ndi chingwe choduka chija. Chomaliza, boti likadali pamchenga pukusani kumanja muone ngati pulopela yaloza kumanja mutaima kumbuyo kuyang'ana kutsogolo. Ma rotary ambiri ali ndi mabowo awiri olowetsa kebulo, ndipo mukalowetsa kolakwika boti lizipita kosemphana ndi dzanja. Mukatero dzutsani injini mpaka pamwamba, muipukuse mbali zonse, muone ngati link arm siikugunda thabwa.

Madala_a_ku_Msaka:

Ana inu mwagwirizana, chabwino. Koma handuloyo usakaigulitse. Ngati tizitsulo tatsopanoto tikulola isiye pa injini pomwepo, ngati ayi iziyenda m'boti. Ndipo sipanala yokwana nati ya kandodo kopindikako uimangirire ndi chingwe pafupi ndi injini, kuti kebulo ikadzagwira uli ku Mumbo udzamasule n'kubwera ndi dzanja.

Mtchona_wa_ku_Durban:

Musanatumize ndalama kwa aliyense jambulani kachitsulo ka nambala ya injini ndi tilt tube ija mbali zonse ziwiri muike pano. Ndikufuna ndione ngati pali malo okwanira kulowetsa ndodo kuchokera kumanja. Ndodoyo siipindika, ndipo pa maboti opapatiza kumbuyo timachita kumasula injini, kuisendeza kumanzere, kulowetsa kebulo, kenako n'kuibwezera. Muyezenso makebulo awiri a moto ndi giya padera, utali wake sufanana ndi wa chiwongolero.